Amayi akubwera ku Korea mu Ogasiti ndipo sadya nyama: ndikawadyetse kuti?

NaPhiri_Daejeon analemba:

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene ndakhala ndikuiganizira, ndiye ndati ndifunse inu amene mwakhalitsa kuno.

Mu Ogasiti ndikulandira digiri yanga kuno ku Daejeon, ndipo amayi anga akubwera kudzaonerera mwambowo. Kadzakhala koyamba kukwera ndege. Amayiwa ndi a Sabata, nyama analeka kudya ine ndili ku pulayimale. Nkhumba ndiye sayandikira n'komwe, nkhanu ndi za m'madzi zonse zopanda mamba ayi. Nsomba ya mamba amadya mwa apo ndi apo, makamaka usipa, ndipo mazira sakana. Mowa safuna ngakhale wothira m'chakudya. Alinso ndi BP, ali pamankhwala.

Ine chibwerereni kudya kwanga n'kwa ku kafeteriya ya pasukulu ndi nsima ya m'chipinda mwanga. Tikatuluka ndi anzanga a mu labu ndiye ndi samgyeopsal (nkhumba yowotcha) kapena nkhuku yokazinga basi, moti malo odyera a Chikoreya amene ntchito yawo ndi ndiwo zamasamba sindikuwadziwa. Ndikhoza kuwaphikira nsima ndi nyemba masiku onse, ufa ndili nawo, koma mtima wanga ukukana. Mayi ameneyu analima soya ndi mtedza ku Mchinji kuti ine ndifike pano. Ndikufuna ndiwakhazike patebulo labwino, ena awaphikire, alawe za dziko limene mwana wawo wakhalamo, komanso adye ndi mtima umodzi osaopa kuti m'mbale muli chimene chikhulupiriro chawo chimakana.

Ndiye ndithandizeni. Ndipite nawo kuti, kuno ku Daejeon kapena ku Seoul? Ndikafika ndinene chiyani kwa ophika? Nanga kimchi angadye? Mnzanga wina akuti ndi kabichi ndi tsabola chabe, wina akuti muli nsomba.

Mayi_a_Tadala (Cheongju) anayankha:

Achemwali NaPhiri, mwagwira ntchito, Mulungu alemekezeke. Ndipo amayi akubwera mwezi wabwino ngakhale kudzatenthe koopsa, chifukwa Ogasiti kuno ndi nyengo ya nkhwani. Inde, nkhwani weniweni, iwo amati hobakip. Amasadzula bwinobwino koma saduladula. Amauphika ndi nthunzi tsamba lathunthu, n'kubwera nalo patebulo lili lofewa. Munthu umayala tsambalo padzanja, kuika mpunga pang'ono ndi ka doenjang (phala la soya lamchere), kukulunga, m'kamwa. Ine tsamba limeneli ndi limene linandikhazika mtima pansi m'dziko muno, ndipo ndikukhulupirira kuti amayi akadzangoliona adzamasuka kulawa zinazo.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musawatengere kumalo a nyama n'kumakapempha kuti nyamayo aichotse. Mudzavutitsa ophika, inu mudzachita manyazi, amayi adzangodya mpunga ndi letesi. Pitani kumene masamba ndiye mwini tebulo. Malo oterewa alipo ambirimbiri, kungoti ana a sukulu sapitako, amadzadza ndi agogo ndi anthu ochokera kokwera mapiri. Pa Naver Map lembani mu Hangul mawu awa: sanchae (masamba a m'phiri), boribap (mpunga wa balere), dubu (tofu, wopangidwa ndi soya), sachal eumsik (chakudya cha kukachisi wa Chibuda). Mudzadabwa kuti mwakhala mukuwadutsa tsiku ndi tsiku.

Nyama yowotcha imene anzanu amakondayo yafala chonchi dziko litalemera, cha m'ma 1970 ndi 1980 kubwera kuno. Agogo awo ankaiona pachikondwerero. Dziko lino pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi mapiri, chisanu chake mwachiona nokha, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1960 mabanja ambiri akumudzi ankavutika ndi njala cha mu Epulo ndi Meyi, mpunga wa chaka chatha utatha koma balere asanache. Anthu ankakwera m'mapiri kukathyola chilichonse chodyeka, n'kuphunzira tsamba lililonse: ili lifunika kuwiritsa, ili kuviika usiku wonse kuti lichoke kuwawa, ili kuyanika. Kuwonjezera apo Chibuda chinalowa kuno m'chaka cha 372, ndipo amonke ake sadya nyama. Luso lonselo silinafe, likadali m'manja mwa azimayi achikulire amene amaphika m'malo ndikunenawa.

Ndiwo zamasamba zoterezi amati namul. Kaphikidwe kake n'kosiyana ndi kathu, ndipo ndi bwino muwauziretu amayi kuti asadzaone ngati n'zosapsa. Mulibe matimati, mulibe nsinjiro. Masamba amawaviika m'madzi owira kanthawi kochepa, kuwatsuka m'madzi ozizira, kufinya ndi manja, kenako kusakaniza ndi dzanja pamodzi ndi adyo, mafuta a chitowe kapena a mbewu ya deulkkae, ndi ganjang (msuzi wa soya wamchere) kapena doenjang pang'ono. Zambiri zimadyedwa zozizira. Tsamba lililonse limakhala m'kambale kakekake kuti kukoma kwake kumveke pakokha. Timbale timeneti, banchan, simulipira padera, ndipo kakatha mumapempha kena kwaulere. Mu Ogasiti mudzapeza bireum, amene ndi bonongwe wathu yemweyu. Mudzapezanso goguma-sun, koma apa amayi adzaseka, chifukwa ife kholowa timadya masamba, iwo amakonda timapesi take, amatisenda kamodzikamodzi n'kukazinga. Mabilinganya, nkhaka, mphukira za soya, bowa, zonsezi sizisowa. Za m'phiri zenizeni ndi gosari, mphukira zabulauni zofewa, chwinamul wonunkhira kwambiri, ndi doraji, muzu woyera wowawirako pang'ono. Zambiri mwa za m'phirizi amathyola mu Epulo ndi Meyi n'kufutsa, ndiye mu Ogasiti mudzadya za mfutso. Agogo ena oyandikana nafe chaka chilichonse amayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kuyanika tsabola, mabilinganya ndi timaungu todula mozungulira, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kusiyanitsa masamba amenewa.

Tsopano malo. Yambirani pafupi, ku Bomunsan, phiri lili mumzinda mwanu momwemo. M'munsi mwake muli malo angapo a boribap. Amakupatsani mbale yaikulu ya mpunga wosakaniza ndi balere, timbale ta namul tambirimbiri, mphika wa doenjang ukubwata, ndi botolo la mafuta a chitowe. Mumatapa namul yense pang'onopang'ono kuika pa mpunga, kuthira mafuta, gochujang (phala la tsabola) pang'ono, n'kusakaniza ndi supuni. Ubwino wake amayi adzaona ndi maso chilichonse chisanalowe m'mbale mwawo, chimene sachifuna asiya. Ngati balere adzawavuta kutafuna, malo ambiri amalola kusankha mpunga woyera. Mtengo wake ndi wa anthu wamba.

Tsiku lina muwatengere ku Gyeryongsan, mbali ya kachisi wa Donghaksa. Basi mumakwerera ku Yuseong, dera la mu Daejeon momwemo. Msewu wopita kukachisi uli ndi malo odyera mbali ndi mbali, mtsinje ukuyenda pansi pake, mthunzi wokhawokha. Itanitsani sanchae bibimbap (mpunga wosakaniza ndi masamba a m'phiri) kapena, ngati thumba likulola, sanchae jeongsik, pamene tebulo lonse limadzadza timbale mpaka kusowa poika kapu. Mukapeza deodeok gui musaisiye: ndi muzu wa m'phiri, amaupuntha kuti uphwanyike, kuupaka gochujang n'kuuwotcha. Fungo lake simungaliiwale. Pali dotorimuk, wopangidwa ndi ufa wa mbewu za mtengo wa oak, wabulauni, wofewa ngati phala lolimba, amaudula n'kuusakaniza ndi masamba. Daejeon imatchuka nawo, makamaka dera la Gujeuk. Ndipo masana a dzuwa loswa mtengo funani kongguksu: soya wowiritsa, wopera mpaka kukhala msuzi woyera wozizira, kuthira pa manudozi ndi nkhaka pamwamba. Mulibe nyama, mulibe nsomba, ndipo mchere mumathira nokha patebulo. Amagulitsa nyengo yotentha yokha.

Popeza amayi ndi mlimi wa soya, muwafotokozere za doenjang, chifukwa ndiye mtima wa chakudya chonsechi. Amawiritsa soya, kusinja, kuumba ngati njerwa zotchedwa meju, kuzimanga ndi udzu wa mpunga n'kuzipachika kuti ziume ndi kuchita nkhungu yoyenera. Kenako amaziika m'mitsuko yadothi yokhala ndi madzi a mchere. Pakapita nthawi amapatula: madziwo amasanduka ganjang, phala lotsalalo ndiye doenjang, ndipo zonse zimakhala m'mitsuko miyezi mwinanso zaka. UNESCO inalemba mwambo umenewu pa mndandanda wake wa chikhalidwe cha anthu mu 2024. Mukaona malo odyera ali ndi mitsuko yabulauni itandandalika panja, lowani, nthawi zambiri amakhala akupanga okha. Fungo lake poyamba limadabwitsa. La cheonggukjang, mtundu wina wa soya wosasitsa, ndiye ndi lamphamvu kwambiri, musayambire pamenepo.

Tsopano mumvetsere, chifukwa apa ndi pamene anthu amagwa. Mnzanu wachiwiriyo ndiye akunena zoona. Kimchi wa m'malo odyera pafupifupi onse amathira jeotgal, zam'nyanja zoviika mumchere. Mitundu yofala ndi msuzi wa tinsomba totchedwa myeolchi, ndi saeujeot, amene ndi tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja. Ena amathira ngakhale gul, nkhono za m'nyanja. Myeolchi ndi nsomba ya mamba, ndiye ngati amayi amadya usipa imeneyo siwavuta. Koma saeujeot ndi gul n'zimene iwo amakana, ndipo ndi maso simungazione. Malo ambiri kimchi amachita kugula, eni akewo sadziwa zonse zili m'kati. Ine ndinganene kuti kimchi wamba amusiye, adzamulawe kumalo a chakudya cha kukachisi.

Msuzi nawonso. Doenjang jjigae nthawi zambiri amayambira pa msuzi wa myeolchi ndi ndere za m'nyanja, koma ena amaponyamo bajirak, tinkhono ta zigoba, kapena kanyama ka ng'ombe. Sundubu, msuzi wa tofu wofewa, chimodzimodzi. Ophika ena amathira Dasida, ufa wokometsera umene mtundu wake wofala ndi wa ng'ombe, ngakhale mu namul. Gochujang wa mu bibimbap nthawi zina amakazingira pamodzi ndi nyama yogaya, makamaka wa ku Jeonju, kumene mwamwambo ngakhale mpunga amaphikira msuzi wa ng'ombe. Ku malo a ssambap (mpunga wokulunga m'masamba), kumene hobakip amapezeka kwambiri, samalani ziwiri: kawirikawiri amabweretsa nkhumba yokazinga ngati mbali ya oda, ndipo doenjang wokulungirayo ena amathiramo ureong, nkhono za m'minda ya mpunga. Gimbap, mpunga wokulunga mu ndere, muli ham ndi eomuk, timakeke ta nsomba yogaya. Pajeon, chitumbuwa cha anyezi wa masamba, muli zam'nyanja. Bindaetteok (chitumbuwa cha mphodza) wa ku msika wa Gwangjang ku Seoul ambiri amathira nkhumba kapena kukazingira mafuta ake.

Mukangonena kuti "gogi ppaejuseyo", chotsani nyama, sizikwanira, chifukwa kwa ambiri ham, nkhono ndi msuzi sizili m'gulu la nyama. Tchulani chimodzichimodzi: gogi, ham, saeu (tinkhanu), jogae (tinkhono ta zigoba), ojingeo (squid), gul, ureong. Funsani kuti "yuksu mwoyeyo?", msuzi ndi wa chiyani. Chabwino koposa, pemphani mnzanu wa mu labu akulembereni kapepala m'Chikoreya chaulemu, muzingopereka. Ndipo musapite 12 koloko pamene aliyense ali kalikiliki. Fikani cha m'ma 11 kapena itadutsa 1 koloko, mayi wophikayo adzakhala ndi mpata wokumverani. Mukawauza kuti awa ndi amayi anga, achokera kutali kudzaona mwana wawo akumaliza sukulu, mudzaona okha akutulutsa zina zimene sizili pa menyu. Anthu kuno amalemekeza kholo.

Pomaliza, tsiku limodzi lalikulu muwatengere ku Seoul, pa sitima yothamanga ya KTX ndi pafupifupi ola limodzi. Ku Jongno, moyang'anizana ndi kachisi wa Jogyesa, kuli Balwoo Gongyang, malo odyera a bungwe la Chibuda la Jogye. Analandirapo nyenyezi ya Michelin, ulemu umene amapatsa malo odyera apamwamba, m'buku la Seoul la 2017. Kumeneko ndi sachal eumsik weniweni: mulibe nyama, nsomba, jeotgal, ngakhalenso adyo, anyezi ndi masamba ena afungo lamphamvu amene amonke amapewa. Kukoma amakutenga ku bowa, ndere za m'nyanja, doenjang ndi ganjang zakale ndi mbewu za deulkkae. Ndi malo amene simudzafunsa funso lililonse la nyama, amayi adzadya chilichonse chobwera, kimchi yemwe. Muyenera kubukitsa malo pasadakhale. Ku Insadong pafupi pomwepo kulinso Sanchon, malo akale a chakudya cha mtundu womwewu.

Mbewe_Ansan anayankha:

Mayi a Tadala afotokoza bwino, koma ine pa za kukachisizo ndili ndi maganizo ena. Achemwali, musanabukitse mufunse kaye amayi. Makolo athu ena akangomva kuti chakudya n'cha kukachisi wa Chibuda, mtima umathamangira ku nkhani ya zoperekedwa nsembe kwa mafano. Mayi anga aang'ono atabwera anakana ngakhale kulowa pageti la kachisi kukajambulitsa, ndipo sindinawakakamize. Si bwino kuti adziwe mbale zili kale patebulo, ndalama mwalipira.

Chachiwiri, malo apamwamba aja amabweretsa chakudya pang'onopang'ono, kambale aka, kenako aka, mpunga kumapeto. Munthu wozolowera kuona nsima ndi ndiwo zonse pamodzi amakhala akudikira kuti chakudya chenicheni chifika liti. Mtengo wakenso ndi wokwera kangapo poyerekeza ndi boribap. Ine ndikanakhala inu ndalama imeneyo ndikanapita nayo kawiri katatu kuphiri kuja.

Chimene ndingawonjezere ndi hansik buffet, malo amene amadyera ogwira ntchito m'mafakitale ndi oyendetsa matakisi. Umalipira kamodzi, kutenga mbale, kudzitengera wekha. Namul amakhalapo mitundu ingapo, tofu, mbatata, dzira. Si malo a chikondwerero, koma masiku wamba amathandiza. Komanso poti amayi ndi a Sabata, musaiwale kuti mpingo wawo ulipo kuno. Sahmyook University ku Nowon mu Seoul ndi ya Adventist, ndipo mkaka wa soya wa Sahmyook umapezeka m'masitolo ambiri. Mukawaperekeza kutchalitchi Loweruka ku Daejeon konko, mufunse azimayi a mumpingo kumene iwo amadyera. Amenewo ndiye akudziwa malo amene kimchi wake alibe tinkhanu, chifukwa vuto la amayi ndi lawonso.

Chinanso, funsani ngati malowo ali ndi mipando. Ena a kuphiri mumavula nsapato n'kukhala pansi, tebulo lalifupi. Kukhala pansi amayi sangadabwe nako, koma ngati mawondo amavuta pemphani tebulo la mipando. Timitengo tawo todyera n'tachitsulo, timaterera. Pemphani foloko, palibe adzakuonani zachilendo, ndipo bibimbap eni ake omwe amadyera supuni.

Anesi_aku_Leeds anayankha:

Ine sindili ku Korea, ndimagwira ntchito ya unesi kuno ku UK, koma chakudya chimenechi ndimachikonda, ndikapita ku London ndimakadya ku New Malden kumene kuli Akoreya ambiri. Ndalowererapo chifukwa mwatchula BP.

Masamba ndi abwino, koma mchere m'chakudya cha Chikoreya ndi wambiri, ndipo sumveka msanga chifukwa wabisala mu doenjang, ganjang, gochujang, kimchi ndi jangajji, masamba aja oviika mu ganjang. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Munthu akamwa msuzi wonse wa jjigae n'kudyanso zoviikazo, malire amenewa sachedwa kuwadutsa. Ndiye amayi azidya tofu ndi masamba a mumsuzimo, madziwo azisiya. Gochujang pemphani abweretse pambali, mawu ake ndi "ttaro juseyo", aziika okha kochepa. Zimenezi zithandizanso pa tsabola, chifukwa mimba ya munthu amene wangotsika ndege siifuna kudzidzimutsidwa. Jangajji alawe kachidutswa basi. Kongguksu amene atchula Mayi a Tadala ndi wabwino kwambiri pa nkhani imeneyi.

Mankhwala awo abwere nawo okwanira ulendo wonse, m'mapaketi ake enieni, ndi kalata ya kuchipatala, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja. Ogasiti ku Korea ndi wotentha ndi chinyontho, azimwa madzi pafupipafupi. Ngati pali mankhwala ena amene amamwa, monga ochepetsa kuundana kwa magazi a warfarin, afunse dokotala wawo asananyamuke, chifukwa kuchulukitsa masamba obiriwira mwadzidzidzi kumasokoneza mankhwala amenewo.

Komanso mukadzakopeka kugula gosari wouma kumsika kuti mukaphike nokha, dziwani kuti sadyedwa osawiritsa. Amafunika kuwiritsa bwino ndi kuviika m'madzi nthawi yaitali, madziwo n'kutaya. Wa m'malo odyera amakhala atakonza kale.

Mayi_a_Tadala (Cheongju) anayankha:

Achimwene a Mbewe, mwakumbutsa nkhani yofunika, ndipo ndikuvomereza kuti amayi afunsidwe kaye. Ndingofotokoza chimene ndikudziwa kuti NaPhiri akawauze zoona zake. Ku Balwoo Gongyang ndi ku Sanchon ndi malo odyera, chakudya chimachoka kukhitchini kubwera patebulo panu, palibe mwambo wa chipembedzo umene mlendo amachita. Kumene kuli kosiyana ndi m'kachisi mwenimweni. Kumeneko zipatso ndi tteok (timakeke ta mpunga) zimene anthu aika paguwa amadzagawana mwambo ukatha, ndipo mlendo akhoza kupatsidwa mwachikondi. Ngati chikumbumtima cha amayi sichilola, angokana mwaulemu ndi manja awiri, palibe adzakhumudwa. Malo a ku Donghaksa ndinanena aja ali kunja kwa kachisi, ndi mabizinesi a anthu wamba, mukhoza kudya n'kubwerera osafika kukachisiko.

Koma pa mtengo ndi kuchepa kwa chakudya sindikugwirizana nanu kwenikweni. Inde n'kodula, ndipo si kwa tsiku lililonse. Koma NaPhiri wanena kuti akufuna amayi akhale pansi ena awatumikire. Mzimayi amene moyo wake wonse wakhala wothyola ndiwo, wosadzula, wophikira ena, n'kumadya pomalizira, akaona tsamba la nkhwani kapena muzu wamba zitakonzedwa mwaulemu chonchija, m'mbale yokongola, wina akufotokoza kumene zachokera, chimamukhudza. Kwathu ndiwo zamasamba timaziona ngati za tsiku limene ndalama yasowa, mlendo timamuphera nkhuku, moti munthu wosadya nyama paukwati kapena pamaliro amangopatsidwa kabichi wa pambali. Amayi a NaPhiri akhala akulandira kabichi ameneyo zaka zonsezi. Ndikufuna tsiku limodzi akhale patebulo pamene chakudya chawo ndicho cholemekezeka. Ndipo musaope njala, mbalezo zikamatha munthu umakhala utakhuta, mpunga ndi msuzi zimabwera kumapeto.

Amene amaphika chakudya chimenechi amachitenga mozama. Jeong Kwan, mmonke wachizimayi wa kukachisi wa Baekyangsa m'chigawo cha Jeolla, ophika otchuka ochokera m'mayiko ambiri amapita kukaphunzira kwa iye, ndipo zambiri zimene amaphika amalima yekha m'dimba lake. Kumakachisi kulinso lamulo loti usatsale ngakhale kambewu kamodzi ka mpunga: amonke akatha kudya amatsuka mbale ndi madzi ndi kachidutswa ka radishi, madziwo n'kumwa. Amayi a kumudzi amene amadziwa thukuta la munda mfundo imeneyi adzaimva msanga.

Anesi, zikomo pa za mchere. Ndiwonjeze za mowa. Ku malo a kuphiri matebulo oyandikana nanu adzakhala akumwa chakumwa choyera m'mbale zachitsulo, ndi makgeolli, mowa wa mpunga. Wina wachifundo akhoza kuwapatsa amayi kuti alawe, muwachenjeze. Chimene angamwe ndi sikhye, chotsekemera chozizira chopangidwa ndi mpunga ndi chimera cha balere, mulibe mowa. Sujeonggwa, wa sinamoni ndi jinja, nayenso alibe.

NaPhiri_Daejeon anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndawaimbira amayi madzulo ano. Za nkhwani sanakhulupirire, akuti Akoreya anaphunzira kuti kudya nkhwani. Za kukachisi ndawafotokozera monga mwanenera Mayi a Tadala, osabisa kanthu. Akuti ngati ndi malo odyera chabe ndipo sadzagwadira kanthu, alibe vuto, adzapemphera okha asanadye monga mwa masiku onse. M'kachisi mwenimwenimo akuti adzaona akafika. Ndiye ndaganiza chonchi: Bomunsan masiku oyambirira akapumula, Gyeryongsan pakati pa sabata kuti kusakhale anthu ambiri, Seoul pambuyo pa mwambo wa digiri. Warfarin samwa, ndafunsa. Kapepala kaja mnzanga wavomera kulemba mawa.

Funso limodzi latsala. Tsiku la digiri lenilenilo apulofesa anga akuti atitengera tonse a mu labu kukadya pamodzi ndi makolo, ndipo ndikudziwa kuti kudzakhala kwa nyama. Ndichite bwanji kuti ndisawanyoze?

Mayi_a_Tadala (Cheongju) anayankha:

Musadikire tsikulo. Pitani kwa apulofesa sabata ino, kapena kwa wophunzira wamkulu wa mu labu amene amabukitsa malo, munene kuti amayi sadya nyama ndi zam'nyanja chifukwa cha chipembedzo. Kuno chifukwa chimenecho amachimva, ali ndi Abuda awo osadya nyama. Mutchule nokha kuti hanjeongsik (tebulo la timbale tambirimbiri) kapena malo a dubu angathandize, chifukwa kumeneko ena adzadya nyama yawo, amayi adzapeza namul, tofu wowotcha ndi nsomba ya mamba patebulo lomwelo. Akabukitsa pasadakhale ophika amatha kukonza mbale ya munthu mmodzi payokha.

Zikakanika n'kupezeka kuti ndi kwa nyama yowotcha basi, amayi adyeretu kunyumba pang'ono, akhale kumapeto kwa tebulo kutali ndi utsi, muwaitanitsire mpunga, gyeranjjim (mazira ophika ndi nthunzi) mutafunsa ngati mulibe saeujeot, ndi bowa wowotchera pa chiwaya chimene sichinakhudze nkhumba. Naengmyeon, manudozi ozizira, asatenge, msuzi wake nthawi zambiri ndi wa ng'ombe. Muwaphunzitse mawu awiri, "jal meokgetseumnida" poyamba kudya ndi "jal meogeotseumnida" pomaliza, apulofesa adzasangalala. Ngati amayi abwera ndi kamphatso kakwathu, tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu, apereke tsiku lomwelo ndi manja awiri. Mtedza wosakazinga ndi mbewu zina asanyamule, pabwalo la ndege la Incheon amakhwimitsa malamulo pa zomera ndi zanyama.